Timasula masipuling'i a mavayisi a osula zitsulo

Bizinesi yathu ndi yaing'ono, ndipo yagona pa kachitsulo kamodzi kamene ambiri sakaganizira: sipuling'i ya vayisi ya osula, chida chopanira chitsulo pochimenya, ija ya mwendo wautali wofika pansi. Vayisi yotere imapirira nyundo chifukwa mphamvu ya kumenya imatsika ndi mwendowo, sikuluwu n'kupulumuka. Koma sikuluwuyo imangodziwa kutseka. Ukamasula chogwirira, chimene chimakankha chibwano chakutsogolo kuti chitseguke ndi sipuling'i yopyapyala imene ili pakati pa mwendo wautaliwo ndi mwendo wa chibwanocho. Ikasowa, wosula amakoka chibwano ndi dzanja uku chitsulo chofiira chikuzizira pa mbaniro. Mavayisi akale ambiri amapezeka alibe sipuling'i, ndipo poti anapangidwa ndi anthu osiyanasiyana, palibe muyeso umodzi wokwana onse. Apa ndi pamene panachokera ntchito yathu: iliyonse timaisulira vayisi yakeyake.

Tisanayatse makala timayeza. Timafuna kudziwa kutalika kuchokera pamene vayisi imamangidwira ku tebulo kufika pafupi ndi bawuti yolumikiza miyendo, kukula kwa mwendo, ndi mpata umene umakhalapo chibwano chikatsegukiratu. Pa vayisi ya zibwano za mamilimita 100 mpaka 125 timayambira pa chitsulo cha mamilimita 25 mpaka 30 m'lifupi ndi 5 kapena 6 kukhuthala. Kumtunda timapinda kamlomo kokola pa chomangira kuti sipuling'i isatsetsereke. Kumunsi timatambasula timakutu tiwiri tokumbatira mwendo wakutsogolo, apo ayi imathawira kumbali. Pakati timapinda ngati uta.

Anthu ambiri amaganiza kuti sipuling'i ikafooka ndiye kuti sinaumitsidwe mokwanira (kuumitsa ndiko kuitenthetsa n'kuiviika mu oyilo kuti ilimbe). Si choncho, ndipo kulakwitsa kumeneku n'kumene kumathyola masipuling'i ambiri. Chitsulo choumitsidwa ndi chosaumitsidwa, zikakhala zofanana kukula, zimakankha ndi mphamvu yofanana. Kuumitsa kumangothandiza kuti chitsulo chipindike kwambiri koma n'kubwererabe mwakale. Mphamvu yokankha imachokera ku kukhuthala: kukhuthala kukawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza ka 8. Kungochoka pa mamilimita 5 kufika pa 6 kumawonjezera pafupifupi 70 peresenti. Ndiye sipuling'i yokhuthala mopitirira imatopetsa dzanja potseka vayisi, imadyanso mazinga a sikuluwu. Pa vayisi yaing'ono yosatseguka kwambiri, ngakhale chitsulo wamba cha kaboni wochepa chimagwira ntchito osachiumitsa n'komwe, ndipo ikaphwa umangoipindanso. Timawauza makasitomala zimenezi poyera.

Pa mavayisi akuluakulu timagwiritsa ntchito chitsulo cha 5160, chimene chili ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi kromiyamu pang'ono. Masipuling'i akale a galimoto nthawi zambiri amakhala a mtundu wofanana nacho, koma amabisa timing'alu ta kutopa tosaoneka ndi maso. Tikatenga otere timawapala ndi girayinda mpaka awale, ndipo mbali yozungulira bowo la bawuti timaidula n'kutaya.

Chitsulochi timachisula chili chofiira mowala kupita ku olenji. Chikayamba kuda timabwezera pamoto, chifukwa kuchimenya chitazizira kumabala ming'alu imene imadzaonekera pochiviika. Tikamaliza timasalaza ndi tupa zipsera zonse za nyundo ndi ngodya zakuthwa. Sipuling'i imathyokera pa chipsera. Kenako timaitenthetsa n'kuisiya izizire yokha pamphepo, kawiri kapena katatu, kuti chitsulo chimene moto wosulira unachikhakhalitsa mkati chikhalenso chosalala. Amene amalumpha sitepe iyi amadzaona pothyokapo pali timibulu tikulutikulu ngati mchenga.

Poumitsa, bwenzi lathu ndi maginito. Chitsulo chimasiya kukokedwa ndi maginito pa madigiri pafupifupi 770 Celsius, pamene 5160 imafuna pafupifupi 830. Choncho maginito akasiya kugwira timawonjezera kutentha pang'ono pokha, kufiira kuwaleko, basi. Izi timachitira pamthunzi, chifukwa padzuwa maso amanama ndipo munthu amapsereza chitsulo akuganiza kuti sichinafiire. Sipuling'i yonse ifiire mofanana. Timaiyendetsa uku ndi uku m'makala, poti nsonga zopyapyala zimathamangira kupsa pakati pasanatenthe.

Timaviika mu oyilo, osati m'madzi. Madzi amaziziritsa mwankhanza ndipo 5160 imang'aluka, nthawi zina umachita kumva kuti "ting'" isanatuluke n'komwe. Oyiloyo timayamba tamutenthetsa kufika madigiri 50 kapena 60 kuti apepuke, azizungulira bwino chitsulo. Amakhala m'chitini chachitsulo chakuya chokhala ndi chivundikiro pafupi, chifukwa amayaka. Sipuling'i imalowa choimirira, yonse nthawi imodzi, ndipo timaigwedeza chokweza ndi chotsitsa. Kuigwedezera m'mbali kumaipotoza. Ikazizira timayesa ndi tupa: ikaterereka osaluma, chitsulo chauma.

Pamenepa sipuling'i imakhala ngati galasi. Itagwa pansi ikhoza kusweka, ngakhale kungoisiya usiku wonse ikhoza kung'aluka yokha. N'chifukwa chake kuifewetsako timachita nthawi yomweyo. Timatsuka oyilo, timapala mbali imodzi iwale, n'kuitenthetsa pang'onopang'ono pa chitsulo chokhuthala chotentha, maso ali pa mitundu imene imayenda pamwamba pake. Chikasu chonga udzu wouma chimabwera pa madigiri pafupifupi 230, ndipo n'choyenera zida zodulira, osati sipuling'i. Kumatsatira bulauni, pepo cha m'ma 280, kenako buluu cha m'ma 300. Ambiri amaimira pa buluu. Ife pa 5160 timapitirira mpaka buluu azilale n'kukhala wotuwa, cha m'ma 400, chifukwa sipuling'i ya vayisi imagwedezeka ndi nyundo tsiku lonse. Yofewerako imangophwa n'kukonzedwa, youma kwambiri imaduka. Njira yakale yopaka oyilo n'kumuyatsa mpaka athe imagwiranso, koma mbali zopyapyala zimatentha msanga, ndiye pamafunika kuitembenuza kawirikawiri.

Tisanaimange timaipana mpaka itatsala pang'ono kuwongokeratu, kangapo, nkhope titaphimba. Timayeza uta wake tisanaipane ndi pambuyo pake. Ikaphwa pang'ono ulendo woyamba n'kukhazikika, ili bwino. Ikamaphwa ulendo uliwonse ndiye kuti yafewa mopitirira, timayambiranso kuumitsa. Ikakhala pa vayisi, izikankhabe chibwano mpaka potsegukira penipeni, komanso zibwano zizikumana bwinobwino sipuling'i isanapanikizike pakati pa miyendo. Chibwano chikamakakamira ngakhale sipuling'i ili yatsopano, osathamangira kusula ina yokhuthala. Masulani bawuti ya kumunsi, chotsani dzimbiri, pakani girisi, ndipo muimange moti mwendo uziyenda momasuka.