Zikomo kwa inu amene munagwira dzanja anzathu osowa ntchito

Ife a komiti yothandiza ofuna ntchito pampingo pathu tatseka chaka, ndiye tati tithokoze poyera. Ena mwa anzathu ayamba ntchito, ena akuponyabe makalata, koma thandizo lanu lafika kwa onse.

Tiyambe ndi bambo athu opuma amene anagwirapo ku leba. Inu munakhala pansi ndi aliyense wochotsedwa ntchito n'kumuwerengera zake ndi cholembera. Ambiri sankadziwa kuti kampani ikachepetsa antchito, lamulo limati munthu alandire severance: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka 5 zoyambirira, milungu itatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi milungu inayi pa zaka zopitirira apo. Wagwira zaka 7 ndiye kuti ake ndi malipiro a milungu 16. Pamwamba pake pali ndalama ya notisi ngati sanapatsidwe nthawi, ndi ya masiku a tchuthi amene sanapume. Penshoni ndi nkhani ina: bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5, ndipo munatiphunzitsa kukatenga sitetimenti kukampani ya penshoni, poti mabwana ena amadula koma osatumiza. Chimene chimapweteketsa anthu n'kusainira pepala loti "ndalandira zonse" asanawerengere, mwinanso kuzengereza. Dandaulo loti wachotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kwa mkulu wa leba miyezi itatu isanathe.

Mayi athu amene munkawerenga makalata ofunsira ntchito Loweruka lililonse, mwatichotsa manyazi. Zolakwa zake zinali zomwezomwezo: kalata imodzi yoponya paliponse mpaka kuiwala kusintha dzina la kampani, nambala ya foni yomwe inatsekedwa kalekale, ndi mayina a ochitira umboni amene mwini wake sanawauze n'komwe, moti akaimbiridwa amafunsa kuti "ndani ameneyo?" Munatichenjezanso za dzina losiyana kalembedwe pa satifiketi ya MSCE ndi pa chiphaso cha unzika. Chilembo chimodzi chokha chimatha kumuimitsa munthu pakhomo, ndipo kukonza kwake kumafuna nthawi, osati m'mawa wa intavyu. Satifiketi yeniyeni siperekedwa kwa munthu. Timapereka fotokope yodindidwa ndi majisitireti kapena loya. Zotumiza pa imelo zikhale PDF imodzi, osati zithunzi zisanu ndi chimodzi zopendama zojambulira pamphasa.

Achimwene a pa shopu yofotokopa, ngongole zija munkazilemba m'kope osakalipa. Mulungu akuonjezereni.

Tikuthokozanso achinyamata amene mumafufuza uthenga uliwonse wa ntchito wobwera pa WhatsApp musanaugawe. Lamulo lanu ndi lalifupi: akati tumizani ndalama ya fomu kapena ya kuchipatala pa Airtel Money kapena Mpamba musanaonane ndi munthu, ndi akuba. Ntchito ikakhala yoona mumaipezanso mu The Nation, The Daily Times kapena patsamba la bungwelo.

Amayi a banki mkhonde, thumba la thiransipoti lija ndi limene lapulumutsa ambiri. Munthu amatha kuitanidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre mawa lomweli alibe ya minibasi, n'kuthamangira katapila, chiwongoladzanja n'kumudya asanalandire ndi komwe malipiro oyamba. Munaumirira kuti ndalamayo isabwerekedwe pa ndiwo kapena lendi ngakhale wina alire bwanji. Nthawi imeneyo tinkati mwaumitsa mtima, koma munkanena zoona.

Eni nyumba amene munalola lendi ya theka mutauzidwa mwezi usanathe, ndi inu amene munkapereka maganyu omanga, osoka ndi ophunzitsa ana madzulo n'kulola munthu kuchoka tsiku la intavyu, zikomo. Akunyumba nanunso, amene munasiya kufunsa "zayenda bwanji lero?" madzulo aliwonse. Funso limeneli limaoneka lachikondi, koma kwa munthu amene waponya makalata makumi osayankhidwa limalasa ngati minga.

Chaka chikubwerachi tikusowa majekete, malaya oyera ndi nsapato zakuda zobwereketsa pa intavyu, makamaka sayizi 7 mpaka 9. Amene muli nazo, siyani kwa mlembi wa komiti mapemphero akatha.