Sabata Imene Ndinalimbana ndi Hard Drive Yogonekedwa Mufiriji

Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe chitseko cha shopu yathu ku Fordsburg, ndinapeza mayi wina wakwathu akundidikira atakulunga laputopu m'chitenje. Mayiwa amagula katundu kuno ku Johannesburg n'kumatumiza ku Limbe pabasi, ndipo mayina a anthu amene ali nawo ngongole, malisiti a zaka zinayi komanso zithunzi za maliro a mayi awo, zonse zinali mukompyutamo. Inayamba kuvuta usiku wina kutagwa mvula yamphenzi, magetsi atazima n'kuyakanso mwadzidzidzi.

Nditaiyatsa ndinamva kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza kuchokera mu hard drive, kachipangizo kamene kamasunga mafayilo mukompyuta, ndipo ndinaizimitsa pomwepo. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, chiyambireni kulira chonchi, yayatsidwa kangati?" Iwo anati, "Achimwene, mwana wa mchemwali wanga walimbana nayo Loweruka lonse, mpaka anachotsa hard drive n'kuigoneka mufiriji." Ndinagwira njakata, chifukwa ndinadziwa kuti chimene chawononga kwambiri si mphenzi ija ayi.

Mkati mwa hard drive ya laputopu muli timbale timene nthawi zambiri timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo timitu towerenga timayandama pamwamba pake pa mpata wa mananomita ochepa chabe, woti ngakhale kafumbi sikangadutsepo. Kamutu kakathyoka kapena kupindika, kamayamba kukanda mbale, ndipo nthawi iliyonse imene munthu wayatsa makina poyembekezera kuti mwina lero ziyenda, kamapala malo amene pali mafayilo. Popalikapo sipabwereranso, ngakhale mutapita kwa katswiri wotani. Zoti firiji imatsitsimutsa hard drive n'zimene anthu amangouzana, koma chimene chimachitika n'chakuti chinyontho chimaundana pambale ikangotulutsidwa kunja kofunda. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, popeza ankafuna kuthandiza azakhali ake, koma ndikanakonda akanangoizimitsa n'kuisiya.

Lachiwiri lonse linathera pa kusaka hard drive ina ya mtundu womwewo yoti tichotsemo timitu tabwino, pakuti timitu ta mtundu wina sitigwirizana nayo ngakhale kampani yopanga ikhale imodzi.

Lachitatu hard drive ya mayi aja ndinaitsegulira m'kabati yathu yosefa mpweya, nditavala magolovesi. Nditawunika ndi tochi, ndinaona kamzere kozungulira, kopyapyala ngati tsitsi, cha m'mphepete mwa mbale yapamwamba, ndipo kasefa ka mkatimo kanali katada ndi fumbi lochokera pambaleyo. Nditasintha timitu, sindinathamangire kutsegula zithunzi kapena malisiti, ngakhale kuti mtima unkafuna. Lamulo la ntchito yathu n'lakuti timayamba takopera zonse, kachigawo ndi kachigawo, kupita pa hard drive ina yabwino, kuyambira malo osavuta n'kumadumpha owonongeka, monga mmene pulogalamu ya ddrescue imachitira. Timitu tatsopanoto tinagwira ntchito usiku wonse, kenako tinafa Lachinayi masana titayandikira kamzere kaja, ndipo ndinayamika kuti zambiri zinali zitawoloka kale.

Tsiku lomwelo kunabwera mnyamata wina wa ku Rosettenville amene anafufuta mwangozi mafayilo a kusukulu. Hard drive yake inali yamoyo ndithu, koma iye anaikamo pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, imene inakhala pamalo penipeni pamene panali zina mwa zolemba zakezo. Tinapulumutsako zochepa.

Lachisanu mayi aja anabwera ndi mchemwali wawo. Ndisanatsegule chilichonse ndinawafotokozera kuti mndandanda wa angongolewo uli ndi mayina ndi manambala a foni a anthu ena, ndipo lamulo la POPIA, la dziko la South Africa loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kutsatidwa mokwanira pa 1 July 2021, limatikakamiza kuteteza zoterezi, choncho kope limene lili kwa ife tidzalifufuta iwo akangotsimikiza kuti alandira zonse. Mndandandawo unatseguka wathunthu, ndipo anaomba m'manja. Titafika pa zithunzi zamaliro, zambiri zinali bwino, koma zina zinkaoneka theka lapamwamba lokha, kunsi kuli kotuwa. Pa chimodzi, nkhope za amayi amvano zinkaoneka bwinobwino, koma bokosi limene anazungulira silinkaoneka. Anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Chimenechinso mundiikire, achimwene, musachitaye." Ndinawakoperera zonse pa ma hard drive awiri, ndipo imodzi anati aitumiza kumudzi pabasi ya Lamlungu.