Sabata ya Thanzi ndi madripu

Lolemba ndinafika kuntchito kuchipatala mvula ikugwa, nsapato matope okhaokha, pakhonde pali kale azimayi atatu ndi ana otsegula m'mimba. Kuno kufupi ndi nyanja ya Chilwa zitsime zikangosefukira timadziwiratu. Chichitikireni kolera ya 2022 mpaka 2023 ija, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, munthu akangoti ndikutsegula ine mtima umayamba wathamanga kaye.

Lachiwiri kunabwera agogo ena ndi kamdzukulu kazaka ziwiri, maso atalowa, khungu la pamimba ukatsina likubwerera mwaulesi. Ndinafunsa, agogo mwampatsa chani kunyumba? Akuti madzi othira shuga wambiri kuti apeze mphamvu, mchere ayi poti umaonjezera ludzu. Sindinawakalipire, maganizo ake ngomveka ndithu, koma ndi mmene mwanayo anaipiraipira.

Nde tili ndi atsikana awiri ophunzira unesi omwe abwera kudzaphunzira ntchito, titampatsa mwana Thanzi ndi kasupuni pang'onopang'ono ndinawafunsa kuti bwanji mu Thanzi muli shuga ndi mchere pamodzi, onse zii, pomwe SGLT1 analoweza pamayeso kkk. Ndinawajambulira kuseri kwa katoni ya magolovesi. Selo iliyonse ya m'matumbo ili ndi kachikopa kake, membrane, kamafutamafuta, oxygen amangodutsa yekha koma sodium wa mu mchere ndi glucose, yemwe ndi shuga, mpaka apeze khomo, ndipo khomo limenelo, SGLT1 uja, lili ngati minibasi ya ku Jali pa depoti ya Zomba, siinyamuka isanadzadze: sodium awiri, glucose mmodzi, basi yalowa. Mchere ukalowa madzi amautsatira, osmosis yake ndi imeneyo. Mbali inayo ya selo kuli pampu yodya ATP, mphamvu ya selo, ikutulutsa sodium atatu kulowetsa potassium awiri usana ndi usiku, ndiyo imachititsa kuti mkati mukhale malo olowa sodium wina.

Shuga wa agogo uja analowa m'matumbo wochuluka, alibe mnzake wokwera naye, nde m'malo moti madzi alowe m'thupi iye ndi amene amawakoka kuchoka m'thupi. Kolera nayo masewera ake ndi omwewo, poizoni wake amasiya khomo lina la chloride, mnzake wa sodium mu mchere, lili pululu, chloride kutuluka, madzi kumulondola, nchifukwa chake chimbudzi chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga. Koma minibasi ija saikhudza, imayendabe. Anazitulukira za khomo la sodium ndi glucose lija ndi Robert Crane mu 1960, kenako mu 1971 dokotala Dilip Mahalanabis madripu atamuthera mumsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh anangoyamba kumwetsa anthu madzi a mchere ndi shuga, ambiri anapulumuka. Ine ndimaona ngati kapaketi aka timakapeputsa chifukwa nkotchipa, anthu akabwera amafuna dripu basi, ukawapatsa kapu amaona ngati sunawathandize.

Lachitatu panalibe zambiri, malungo ndi sikelo.

Lachinayi madzulo anabwera naye pa kabaza msodzi wa m'zimbowera, timisasa toyandama panyanja tija, wozizira manja, kumwa osatha, akungosanza. Apa Thanzi analibe polowera, mitsempha itabisala ndinabaya katatu ndisanaupeze, dripu ya Ringer's lactate kutsegula mpaka mapeto, mmodzi wa atsikana aja atanyamula botolo m'mwamba poti poimikira tinali titapatsa wina. Cha m'ma 10 usiku anatsegula maso nkupempha madzi, tinamupatsa kapu ya Thanzi.

Lachisanu kamdzukulu kaja kanatuluka ndi zinc wake. Ndinawauza agogo kuti paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, osaonjezera mwachikondi. Anabwereza kawiri, kenako anamasula pansalu kajumbo ka matemba nkundisiyira patebulo pamwamba pa ripoti lomwe ndinali ndisanamalize kulemba.