Sabata imene pulogalamu inayamba kulemba mabuku athu

Ndimayang'anira gulu la anthu 12 amene amasunga mabuku a ndalama a makampani akunja, ndipo ntchito yathu yonse imabwera pa intaneti kuchokera kwa anthu amene sitinaonanepo nawo maso ndi maso. Lolemba m'mawa, kampani imene imatipatsa ntchito yambiri inatidziwitsa kuti yagula pulogalamu ya pa kompyuta yowerenga ma invoisi (zikalata zoitanitsa malipiro a katundu) ndi kulowetsa yokha manambala m'mabuku, yomwe ndi ntchito imene anzanga asanu amaswerera tsiku lonse. Sindinawauze nthawi yomweyo, chifukwa ndinafuna ndiyambe ndaona ndekha zimene pulogalamuyo ingathe.

Tinaiyesa Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo mulu umene umatitengera tsiku lathunthu inaumaliza nthawi yopuma isanakwane. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkaganiza zoti ntchitoyi inabwera kwa ife pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti malipiro athu ndi otsika poyerekeza ndi a anzathu a kumene makampaniwo ali, ndipo ntchito yobwera chifukwa cha kutsika mtengo imachokanso ikangopeza kotsika mtengo kuposa. Zinaoneka poyera mu 2005, pamene malire a kuchuluka kwa zovala zimene dziko lingagulitse ku America ndi ku Ulaya anachotsedwa: maoda ambiri anathamangira ku China, ndipo m'mayiko ena amene ankangosoka zimene auzidwa mafakitale anatsekedwa.

Komabe ena anapindula ndi ntchito zobwera motere. India itamasula chuma chake mu 1991, makampani akunja anayamba kutumiza ntchito za makompyuta ku Bangalore, makamaka pokonza vuto la madeti chaka cha 2000 chisanafike, poti mapulogalamu akale ankalemba chaka ndi manambala awiri omaliza okha. Makampani ngati Infosys ndi Wipro sanakhutire ndi kukonza madetiwo, koma anaphunzitsa antchito awo mpaka kumapanga mapulogalamu athunthu. South Korea nayo inkagulitsa nsalu ndi mawigi m'zaka za m'ma 1960, koma lero imapanga sitima zapamadzi, magalimoto ndi ma chip, tizipangizo toyendetsa makompyuta ndi mafoni. Kwa ine kusiyana kuli pa luso limene limatsala m'manja mwa anthu ntchito yoyambayo ikapita.

Lachinayi masana mtsikana wina wa m'gulu langa anandiitana akuloza pa kompyuta yake. "Abwana, taonani apa, chikalata ichi ndi chobweza ndalama, koma pulogalamu yachilemba ngati ngongole yoti tilipire." Anachizindikira chifukwa amakumbukira kuti katundu ameneyo anabwezedwa mwezi watha atapezeka wowonongeka. Tikanapanda kuona, wogulitsayo akanalandira ndalama zimene iyeyo amayenera kubweza. Ndinamupempha kuti alembe zolakwika zonse za mtundu umenewu, ndipo pofika madzulo anali atadzaza tsamba.

Tsamba limenelo ndi limene ndinapita nalo ku msonkhano wa pa intaneti ndi kampani ija Lachisanu. Ndinapempha kuti anzanga asanuwo aphunzitsidwe kufufuza zimene pulogalamu yalemba, kuwerengera misonkho ndi kukonza malipoti a kumapeto kwa mwezi, chifukwa ntchito zimenezi zimafuna munthu wodziwa mbiri ya kasitomala. Tinakambirana kwa nthawi yaitali, ndipo pamapeto anavomera kulipirira maphunziro a anthu atatu. Awiri otsalawo ndikumana nawo Lolemba likubwerali, ndipo Loweruka lonse ndakhala ndikuunika bajeti yathu kuti ndione ngati tingathe kuwaphunzitsa ndi ndalama zathu.