Ankandiyamikira kuti ndanenepa, pomwe chithokomiro changa chinali chitafooka

Kwathu kuno munthu ukanenepa anthu amakusangalalira. Nditabereka mwana wachiwiri thupi linayamba kudzaza, nkhope ikumadzuka yotupikana, ndipo amayi anzanga a kumpingo ankati, "Amake Chisomo, bambo akukusamalanitu kunyumbaku." Apongozi anga nawonso ankanyadira. Ine ndinkangovomera, koma mumtima muli thithithi, chifukwa ndinkadya mochepa kusiyana ndi kale. Mtanda umodzi wa nsima unkandikwanira, komabe zovala zinkangothina.

Chimene chinkandisautsa kwambiri ndi kutopa. Ndimaphunzitsa Sitandade 4, ndipo ikamati 10 koloko ndinkalakalaka nditagona pansi m'kalasi momwemo. Mayina a ana amene ndakhala nawo chaka chonse ankandithawa. Mu October, pamene kuno ku Salima anthu amagona pakhonde chifukwa cha kutentha, ine ndinkafunda bulangeti. Khungu linatuwa ngakhale ndidzole Vaseline, tsitsi linkatsalira m'chipeso, m'mimba munkauma, ndipo ndikapita kumwezi magazi ankatuluka ambiri. Mawu nawonso anasasa, ine n'kumati ndi choko.

Kuchipatala chaching'ono anandiyeza malungo, shuga, BP ndi HIV, zonse zili bwino. Anapeza kuti magazi ndi ochepa pang'ono, nandipatsa mapiritsi a ayironi. Ena ankati ndi ntchito yolera khanda. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti alipo amene wandichita kuntchito. Bambo a kunyumba anapirira, komabe tsiku lina anandifunsa ngati pali chimene akundilakwira, poti ndinali nditasiya kuseka. Funso limenelo linandipweteka kuposa kutopako, chifukwa ndinalibe yankho.

Za chithokomiro sizinandibwerere m'mutu. Agogo anga aakazi ku Nkhotakota anali ndi chotupa chachikulu pakhosi chimene ankachiphimba ndi mpango popita kutchalitchi, ndipo khosi langa silinkaoneka choncho. Amene anaganizira zimenezi ndi dokotala wina wamkazi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anawerenga kugunda kwa mtima n'kupeza kuti ukugunda mochedwa, kenako anaima kumbuyo kwanga, nagwira khosi ndi zala n'kundiuza kuti ndimeze madzi. Anati, "Amayi, mukayezetse magazi a TSH." Kuyeza kumeneku kumaonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Ndinakayezetsa ku Lilongwe, ndi ndalama zanga.

Masiku odikira zotsatira ndinavutika maganizo. Usiku ndinkangodzigwiragwira pakhosi, ndikuwerenga pafoni za khansa, ndikuyang'ana ana anga ali mtulo. Ngati muli pa nthawi imeneyi, dziwani kuti mavuto ambiri a chithokomiro si khansa, ndipo ngakhale timibulu topezeka m'menemo tambiri timakhala tosaopsa. Ndikanakonda wina akanandiuza zimenezi usiku woyamba.

Chithokomiro aliyense ali nacho. Ndi kachiwalo kakang'ono kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo kamapanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amauza thupi liwiro logwirira ntchito: mtima, matumbo, kutentha kwa thupi, ngakhale kuganiza. TSH imachokera ku kachiwalo kena ka pansi pa ubongo, ndipo ili ngati kapitawo amene amakuwa kwambiri antchito akamachedwa. N'chifukwa chake chithokomiro chikafooka TSH imakwera. Mwa munthu wabwinobwino imakhala cha pakati pa 0.4 ndi 4, koma yanga inali itapitirira patali, T4 ili pansi. Atayezanso zina anati ndi matenda a Hashimoto, amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912: chitetezo cha m'thupi chimatembenukira chithokomiro cha mwini wake n'kumachiwononga pang'onopang'ono. Amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Kwa amayi ena chithokomiro chimasokonezeka chaka choyamba atabereka kenako n'kubwerera mwakale. Changa sichinabwerere.

Achibale atamva, aliyense anali ndi malangizo a mchere. Ndimamvetsa kumene akuchokera. Zotupa zazikulu ngati za agogo anga nthawi zambiri zinkabwera chifukwa chosowa ayodini, amene chithokomiro chimafuna popanga mahomoni aja ndipo amathiridwa mu mchere, ndipo chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutolo, poti chili ndi zinthu zolepheretsa chithokomiro kutenga ayodiniyo. Kondowole ndimadyabe, bola chinangwacho chaviikidwa ndi kuyanikidwa bwino, ndipo kunyumba timagula mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, n'kuusunga m'botolo lotseka. Koma vuto langa mchere sungalithetse. Thupi likusowa homoni, ndiye ndiyenera kumwa homoniyo.

Mankhwala ake ndi levothyroxine, kapiritsi kamodzi tsiku lililonse, moyo wonse. Ndimamwa ndikangodzuka, m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, ndipo tiyi ndimadikira theka la ola kapena ola lathunthu. Mapiritsi a ayironi aja ndinauzidwa kuti azitalikirana ndi levothyroxine maola 4, chifukwa amatsekereza mankhwalawo kulowa m'magazi. Phala la soya nalonso silifunika kuyandikana nawo, ndiye ndikaphikira ana m'mawa ine ndimalisiya. Ndinayamba ndi mamaikilogalamu 50, ndipo atandiyezanso anakweza kufika pa 100. Akasintha mlingo pamafunika masabata 6 mpaka 8 kuti magazi aonetse zoona zake, choncho palibe zothamanga. Kuzizidwa ndi kumene kunayamba kutha, kutopa kunatsatira, tsitsi linachedwa kwambiri.

Chovuta china ndi kupeza mankhwalawo. Nthawi zina pawindo amakuuza kuti atha, ndiye ndimagula kufamase botolo lakale lisanathe, ndipo ndalama yake ndimaipatula malipiro akangolowa, pamodzi ndi ya chimanga.

Pamzere tsiku lina ndinakhala ndi mayi wina amene chithokomiro chake chimathamanga mopitirira. Anali ataonda ngakhale amadya kwambiri, manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso atatong'oka. Anandiuza kuti kumudzi kwawo anthu anagamula kale kuti ali ndi kachilombo ndipo akubisa, mpaka akuchimuna anayamba kumusala. Iye amamwa carbimazole, wochepetsa liwirolo, ndipo anachenjezedwa kuti akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Nkhani yake inandikwiyitsa. Tonse awiri anthu anatiweruza poona thupi, ine kundiyamikira, iye kumunyoza, ndipo palibe anafunsa mmene tikumvera. Inenso thupi litayamba kuphwa, pamene ndinali nditapeza mphamvu, m'pamene ena anayamba kundifunsa ngati ndikudwala.

Alipo amene amandiuza kuti poti ndapempheredwa ndipo ndikuoneka bwino, ndisiye mapiritsi. Ndimapemphera, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha dokotala uja, koma ndikupeza bwino chifukwa choti ndikumwa mankhwala. Ndikasiya, pakangopita masabata angapo zonse zija zibwerera. Tikadzafuna mwana wina ndidzayamba ndaonana ndi dokotala, chifukwa pa nthawi ya pakati mlingo umafunika kukwezedwa msanga kuti ubongo wa mwana ukule bwino.

Matendawa amayenda m'banja. Mng'ono wanga wa ku Dwangwa wayamba kudandaula kutopa ndi kuzizidwa, ndipo akuti ndi ntchito ya kumunda. Ndamuuza kuti sukulu ikatsekera mu December tipitira limodzi ku Lilongwe, ine kukaonetsa TSH yanga, iye kukayezetsa koyamba, ndipo thiransipoti ndilipira ndine.