Zimene ndinapeza nditaphwasula injini ya galimoto yanga

Galimoto yanga ili ndi injini ya petulo ya masilinda anayi, ndipo kwa miyezi ingapo inkatulutsa utsi wabuluu komanso inkamwa oyilo mosaneneka, kenako inayamba kugogoda chapansi nthawi iliyonse ndikailiza m'mawa. Kugogodako n'kumene kunandivomerezetsa kuti nthawi ya overhaul, kuphwasula injini yonse n'kuikonza, yakwana. Ndisanagwire sipanala ndinayeza kaye compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, m'silinda iliyonse, chifukwa muyeso umenewu sutheka injini ikaphwasulidwa kale. Silinda yachitatu inali yotsika kuposa zinzake, koma nditathiramo oyilo pang'ono kudzera pabowo la pulagi n'kuyezanso, nambala inakwera. Zikatero ndiye kuti mpweya ukuthawira m'maring'i a pisitoni, pakuti oyiloyo amatseka mpata kwa kanthawi. Vuto likanakhala la mavalavu, nambala sikanasintha kwenikweni.

Ntchito ya kunja kwa injini ndi yotopetsa koma si yovuta. Ndinachotsa waya wa negative pa batire, ndinakhetsa oyilo ndi madzi a m'radiyeta, ndinamata tepi yolembedwa pa waya ndi paipi iliyonse, ndinajambula zithunzi zambiri ndi foni, kenako ndinalekanitsa injini ndi giyabokosi n'kuikweza ndi tcheni. Oyilo sindinamutaye msanga. Ndinamukhetsera m'beseni loyera, ndipo nditamuunika ndi tochi ndinaona timadontho tonyezimira ngati mkuwa wopera, chizindikiro choti mabeyaring'i, tizitsulo tosalala timene mitanda ya injini imazunguliramo, akudyeka.

Ndisanachotse lamba wa timing, amene amalumikiza crankshaft (mtanda umene mapisitoni amazungulitsa) ndi camshaft (mtanda wotsegula mavalavu), ndinazungulitsa crankshaft mpaka pisitoni yoyamba itafika pamwamba penipeni ndipo zizindikiro zonse zitayang'anizana. Camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri, ndipo m'mainjini ambiri valavu yotseguka imalowa m'malo amene pisitoni imafikamo, moti munthu akazungulitsa chimodzi mwa ziwirizi lamba atachoka kale akhoza kupinda mavalavu amene analibe vuto.

Pa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda mmene mumakhala mavalavu, m'pamene ndinachedwa. Hedi ya aluminiyamu siyenera kumasulidwa injini ili yotentha, ndiponso mabawuti ake samasulidwa limodzilimodzi mpaka kutheratu. Ndinayambira kumapeto onse awiri n'kumalowera pakati mopingasa, bawuti lililonse ndikulipotoza pang'ono pokha, ndipo ndinabwereza katatu asanamasukiretu onse khumi. Cholinga chake n'chakuti mphamvu imene yapanikiza hedi ichoke mofanana ponseponse, apo ayi hediyo imapindika. Nditainyamula ndinayang'ana gasiketi mbali zonse ziwiri, kufunafuna malo opserera pakati pa masilinda, koma sindinapeze. Ndinagoneka chitsulo chowongoka pa hedi, m'litali ndi mopingasa, n'kuyesa kulowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, ya 0.05 mm pansi pake, ndipo sinalowe paliponse. Mabawuti ndinawaika padera osafuna kuwagwiritsanso ntchito, chifukwa ndi a mtundu umene umatamuka pomangidwa ndipo subwereranso mwakale. Mavalavu onse 16 ndinawasomeka pa katoni yoboola mabowo olembedwa manambala, kuti iliyonse idzabwerere pamalo pamene inazolowera.

Amakaniko ena amathira zonse m'chidebe chimodzi cha palafini akangozichotsa, ndipo malo awo ogwirira ntchito amaoneka aukhondo ndithu, koma ine njira imeneyi ndimaikana. Kachitsulo kalikonse kakutuluka m'injini kali ndi mabala amene akusonyeza chimene chinakavulaza, ndipo ukakatsuka n'kukasakaniza ndi tinzake wafufuta umboni wonse. Overhaul yotero imabwezeretsa zitsulo zatsopano m'injini imene matenda ake sanadziwike.

Nditatembenuza injini n'kuchotsa sampu, beseni la pansi losungira oyilo, ndinayamba ndalemba manambala pa con rod iliyonse (chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft) ndi chivundikiro chake, mbali imodzi. Ziwirizi zimaboodwa pamodzi ku fakitale kuti bowo lake likhale lozungulira bwino, choncho chivundikiro cha con rod ina sichingagwire ntchito pa inzake ngakhale zikuoneka zofanana. Zaka zapitazo, pa injini yanga yoyamba, ndinasinthanitsa ziwiri osadziwa, ndipo nditamanga crankshaft inakana kuzungulira ndi dzanja. Kuyambira pamenepo penti ndi panchi zimakhala pafupi nane. Pamwamba pa silinda iliyonse panali kamlomo kokwera pamalo pamene maring'i safika, kamene chikhadabo chimakodwapo, ndipo ndinakapala kaye kuti kasathyole pisitoni potuluka. Pa mabawuti a con rod ndinavekapo tizidutswa ta paipi ya labala kuti asakande crankshaft, kenako ndinakankha pisitoni iliyonse ndi mpini wamtengo wa hamala.

Beyaring'i ya con rod yachitatu ndi imene inkagogoda. Chitsulo chofewa chotuwa cha pamwamba pake chinali chitatha, mkuwa uli poyera, ndipo panali mizera yozama yozungulira imene inalembekanso pa crankshaft. Mabeyaring'i enawo anali atayamba kupita njira yomweyo. Mabeyaring'i sayenera kukhudzana ndi crankshaft injini ikamayenda, chifukwa pakati pake pamakhala oyilo wopanikizidwa mu mpata wocheperapo kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Kudyeka kotere kunkatanthauza kuti oyilo sankafika mokwanira, ndipo funso linali lakuti ankatsekeka pati.

Yankho linali pa kasefa ka paipi imene pampu imakokera oyilo kuchokera m'sampu. Kuposa theka la kasefako kanali kotsekeka ndi tizingwe tofewa takuda, tina totalika ngati chala. Nditatitsuka ndinazindikira kuti ndi silikoni womatira sampu. Munthu akapaka wambiri, wotsalayo amafinyikira m'kati pomanga mabawuti, amauma, kenako amathothoka n'kugwera mu oyilo. Ndinakhala pansi kwa kanthawi nditagwira kasefako, chifukwa amene anamata sampuyo zaka ziwiri zapitazo, itayamba kudontha, ndinali ine ndemwe, ndipo ndikukumbukira bwino kuti ndinapaka mowolowa manja poopa kuti ingadonthenso.

Ndisanamasule zivundikiro zazikulu za crankshaft ndinayeza kaye mmene ikusewerera kutsogolo ndi kumbuyo, popeza muyeso umenewu ndi umene umaulula ngati ma thrust washer, tizitsulo toletsa kusewerako, atha. Zivundikirozi zili ndi manambala ndi timivi toloza kutsogolo kwa injini, ndipo ndinazindandalika patebulo m'dongosolo lomwelo, chilichonse ndi beyaring'i yake. Micrometer, chida choyezera miyeso yaing'ono kwambiri, inasonyeza kuti malo a con rod yachitatu pa crankshaft salinso ozungulira bwino, ndipo masilinda anali otakasuka kumtunda kuposa kumunsi mopitirira malire a m'buku la injiniyi. Choncho crankshaft yapita kukapalidwa kuti idzalandire mabeyaring'i oyenerana ndi crankshaft yochepetsedwa ndi 0.25 mm, ndipo buloko, thupi la injini mmene muli masilinda, ikukaboodwa kuti mudzalowe mapisitoni okulirapo ndi 0.50 mm. Buloko ikadzabwera ndidzachotsa mapulagi a njira zonse za oyilo n'kupititsamo burashi yaitali ndi mpweya wamphamvu, chifukwa tizidutswa ta silikoni ndi ta mkuwa tikhoza kukhala titabisala m'menemo. Pampu ya oyilo ndaitanitsa yatsopano pamodzi ndi kasefa kake.