Tsiku limene milomo yanga inanyanyala ntchito

Ofesi yathu ili pakati penipeni pa mzinda, m'dera la mabanki ndi makampani a inshuwalansi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anthu a mataye amakhuthuka m'zikepe onse nthawi imodzi n'kuthamangira kamsewu kena kakuseri. Kamsewuko n'kakafupi, koma Asia yense anadzapanikizana momwemo: a ku Japan apa, a ku Korea khomo lotsatira, a ku Thailand pamwamba pa sitolo ya mafoni, a ku Vietnam, a ku India, ndipo kumapeto kwake lesitilanti yaikulu ya Atchaina ya zitseko zofiira. Nthawi yodyera ndi ola limodzi basi. Gawo lina limathera pamzere, gawo lina posankha chakudya chimene dzina lake lilime likukana kutchula.

Chimene palibe amakuuza n'chakuti khomo lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo ulemu wa pakhomo ili ndi mlandu pakhomo linalo.

Ndinayambira kwa a ku Japan, kumene timbale ta sushi, timpunga tokhala ndi nsomba, timayenda tokha pa lamba kudutsa pamaso pa anthu. Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi Yoshiaki Shiraishi ku Osaka mu 1958, ataona mabotolo akuyenda pa lamba m'fakitale ya mowa. Bambo ameneyo mtima wa munthu ankaudziwa. Kambale kakamadutsa kakukuyang'ana, umachita chisoni kukasiya kapite kokha. Ndinatola, ndinatolanso, mpaka mulu wa mbale unanditchinga nkhope. Pomaliza mtsikana woperekera zakudya anabwera kudzawerenga muluwo, ndipo m'pamene ndinamva kuti mtengo umayendera mtundu wa mbale. Ine ndinkasankha zagolide chifukwa zinkaoneka zotsukidwa bwino.

Ndinatulukamo nditagwira mfundo imodzi: mbale iliyonse yofika patebulo lako ndi ngongole. Ndiye nditalowa kwa a ku Korea, mayi wina n'kuyamba kundiyalira timbale ta kimchi (kabichi wosasa wa tsabola), nyemba zomera ndi ndiwo zina zimene sindinaitanitse, ndinatikankhira kumphepete mwaulemu. "Pepani mayi, izi si zanga." Iwo anatibweza. Ine ndinakankhanso. Tinakankhirana choncho mpaka bambo wa tebulo loyandikana anandinong'oneza kuti timbale timeneto, banchan, n'taulere, ndipo tikatha amawonjezera. Chifukwa cha chimwemwe ndinanyamula mbale ya mpunga kuifikitsa kukamwa monga amachitira a ku Japan. Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ku Korea mbale imakhala patebulo, mpunga amadya ndi supuni, ndipo wamkulu ndiye amayamba kudya. Lamulo lomalizali lisungeni penapake.

Kwa a ku Thailand ndinaitanitsa timitengo todyera mokweza mawu, anthu adziwe kuti palowa munthu woyenda. Anandibweretsera, koma m'chipinda monsemo amene ankalimbana ndi mpunga ndi timitengo ndinali ine ndekha. Eni ake amadya ndi supuni, foloko n'yongokankhira chakudya pa supunipo.

Ndi maphunziro onsewa, ku ofesi ndinayamba kulankhula ngati mchombo wanga unagwera ku Asia. Motero kutabwera mlendo wa kampani kuchokera ku Chengdu, mzinda wa ku China, abwana anandiitana. Abwana athu ndi mayi amene kumwetulira amakuwerengera ngati ndalama za kampani. "Inu paja mumazidziwa zimenezi," anatero. "Mutiperekeze ku zitseko zofiira kuja." Tinapita ine, abwana, mlendoyo, yemwe anali bambo wachikulire wofatsa, ndi mnzanga wa ku akaunti.

Pakhomo foni yanga inalira, ndiye anzangawo anatsogola. Nditalowa ndinapeza onse maso ali pa mndandanda wa zakudya, ndipo pakati pa tebulo, pa galasi lozungulira loikapo zakudya, panali mbale yaikulu ya madzi ofiirira akufuka nthunzi. Apa Korea anandibwerera m'mutu. Ndinaimirira, n'kutungira abwana, kenako mlendo, kenako ineyo.

"Abwana, yambani ndinu."

Abwana anangondiyang'ana. Ndinaona kuti akudikira katswiri alawe kaye, ndiye ndinamwa. Ndinatseka maso pang'ono monga amachitira anthu odziwa zakudya.

"Supu wabwino uyu," ndinatero. "Wopepuka. Mchere sanachulutse."

Mnyamata woperekera zakudya anachita kubwera chothamanga n'kulanda mbale zonse. Kumwera kwa China, ku Guangdong ndi ku Hong Kong, tiyi woyamba ambiri samwa. Amatsukira makapu, mbale ndi timitengo, kenako n'kuthira zotsukirazo m'mbale yaikulu ya pakati. Anzangawo anali atamaliza kutsuka ine ndili pa foni. Mnzanga wa ku akaunti anawerama ngati akutola kanthu pansi n'kunena chapansipansi, "Safunsa anadya phula, achimwene." Ine ndimati mbale ya madzi akuda saiika pakati pa tebulo ngati mfumu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kenako kunabwera kadengu ka nsungwi, m'kati mwake muli timitanda toyera tomangidwa pamwamba, xiaolongbao. Mlendo uja anayamba kufotokoza mwachifatse kuti timeneti kwawo ndi ku Nanxiang, kufupi ndi Shanghai, ndipo m'kati mwake muli msuzi. Amauziziritsa msuziwo mpaka kuundana, n'kuukulunga pamodzi ndi nyama, ndiye akaphika pa nthunzi umasungunukira m'katimo. Kadyedwe kake n'kuika pa supuni, kuboola pang'ono, kumwa msuzi, kenako kudya. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake kwa mnzanga uja, chifukwa nthawi imene mlendo ankalankhula ine ndinali kalikiliki kukonza timitengo m'zala kuti ndibweze ulemu wanga. Ndinanyamula kamodzi bwinobwino, osagwetsa, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Ndinaluma ndi mano akutsogolo. Msuzi wotentha unatuluka tsaa! kudutsa tebulo lonse n'kukatera pa bulauzi yoyera ya abwana. Pofuna kuwathandiza ndinazungulitsa galasi lija kuti kansalu kopukutira kawafike msanga, mlendo n'kutsala timitengo tili m'malere, chakudya chimene ankatola chitapita kwa wa ku akaunti.

Patebulo panali zii. Mlendoyo, pofuna kutsitsa mitima, anati atiitanitsira chakudya cha kwawo ku Chengdu, mapo tofu, timabamu tofewa ta soya tophika mu tsabola. Chinabwera chofiira piriwiri, mafuta akuyandama pamwamba. Apa mtima wanga unakhala m'malo. Tsabola ine sindimuopa. Ndinatunga supuni yodzadza, ndinameza, ndinagwedeza mutu, ndinatunganso.

Posakhalitsa mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera wokha ngati foni imene waithimitsa mawu. Wam'mwamba unatsatira. Lilime linachita dzanzi kuyambira kunsonga, malovu n'kuchuluka m'kamwa. Ndinamwa madzi, madziwo n'kumveka achilendo. Uku sikunali kuwawa kwa tsabola kumene ndimakudziwa. Ndinadzitsina mlomo, osamva kanthu. Pomwepo ndinakumbukira zimene a zaumoyo amanena za sitiroko: nkhope kupotoka, mkono kufooka, mawu kusamveka. Ndinatulutsa foni n'kudziyang'ana nkhope, n'kumwetulira kuti ndione ngati mbali zonse zikukwera. Kenako ndinakweza manja onse awiri m'mwamba, m'lesitilanti yodzaza ndi anthu a m'mabanki.

"Mukutani kodi?" anafunsa abwana, akupukutabe bulauzi.

"Abwana," ndinatero, "thithiloko."

Mawu anga omwe anandiopsa kuposa china chilichonse. Mnzanga wa ku akaunti, amene amachedwetsa malipiro a anthu popanda chisoni, tsiku limenelo anachita changu. Anatuluka panja foni ili kukhutu.

Mlendo uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana m'mbale mwanga. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapeza mpweya anaitana mnyamata uja, ndipo anabweretsa kambale ka timakoko tofiirira tong'ambika pakati. Anati ameneyu ndi huajiao, tsabola wa ku Sichuan, ngakhale kuti si tsabola n'komwe: mtengo wake ndi wa m'banja limodzi ndi malalanje ndi mandimu. N'chifukwa chake dziko la America linaletsa kumulowetsa kuyambira 1968 mpaka 2005, poopa matenda a mitengo ya malalanje. Ntchito yake ndi imeneyi, kuchititsa dzanzi, ndipo anthu a kwawo akapanda kulimva dzanzilo amati wophika waumira. Tsabola wowawa uja anachita kubwera kuchokera ku Central ndi South America patadutsa chaka cha 1500, koma anapeza huajiao ali kale m'miphika. Anawonjezera kuti mu 2013 akatswiri a ku University College London anayeza kunjenjemera kwa milomoko n'kupeza kuti munthu amakumva ngati maulendo pafupifupi 50 pa sekondi imodzi.

"Ndiye kuti milomo yanu lero yagwira ntchito kuposa inuyo chaka chonse," anatero abwana.

Ndinafuna kuyankha, koma zida zoyankhulira zinali zisanabwerere. Ndinatsitsa manja. Dzanzi linayamba kuchoka pang'onopang'ono, ndipo ndinene zoona, tofu ameneyo anali wokoma. Ndinali nditayambanso kutunga pamene kunja kunamveka kulira kwa ambulansi. Mukudziwa mmene kamsewu kameneko kamadzazira masana. Njinga zamoto zonyamula zakudya zinapatuka, mzere wa kwa a ku Vietnam unasweka, anthu a mataye anasiya mbale zawo n'kudzaunjikana pa zitseko zofiira. Analowa anyamata awiri ndi machira, mnzanga wa ku akaunti ali patsogolo kuloza njira.

"Wodwala ali kuti?"

Tebulo lonse linaloza ine, supuni ili m'kamwa.

Wamkulu wa awiriwo anandiyeza BP, n'kundiuza ndimwetulire, ndikweze manja, nditchule dzina langa ndi tsiku. Zonse ndinakhoza. Anandiuza kuti kuyimba foni msanga pa zizindikiro zotere n'koyenera, ndipo abwana anagwedeza mutu, ine n'kuyamba kudzimva ngati munthu wosamala. Kenako anayang'ana m'mbale mwanga, n'kuyang'ana mnzake.

"Bambo, ka mapo tofu aka ndi koyamba?"

Ndinavomera ndi mutu.

Analemba pa fomu yake, n'kupempha kuti wamkulu wa pantchito asayine. Abwana anatenga cholembera, n'kuwerenga fomuyo mzere ndi mzere monga amachitira ndi kalata iliyonse.

"Apa pakuti chifukwa choitanira ambulansi mwalemba kuti nkhomaliro," anatero. "Onjezerani kuti anamwanso madzi otsukira mbale. Mwina adokotala afuna kudziwa."